Kubwerera ku Theba Sikunali Kukhutira

Tikakhala pagulu ife ophunzira, makamaka amene atsala pang'ono kulemba mayeso omaliza, pamabuka funso lakuti ntchito yabwino timaidziwira chiyani. Ambiri amati ukaona anthu sakuchoka pakampani, kapena akachoka n'kubwereranso, ndiye kuti pamalopo pali bwino. Mabwana nawo amaukonda muyeso umenewu chifukwa ndi wosavuta kuwerenga. Ine ndimaukana, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri ya kwathu kwa Champiti, m'boma la Ntcheu, kumene amuna ankapita ku migodi ya ku South Africa, kubwera, kukhala miyezi yochepa, n'kupitanso. Woonera patali akanati ntchitoyo inkawakomera.

Ulendo wa ku Joni unayamba ndi msonkho. Mu 1896 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Maseko n'kupha Inkosi Gomani woyamba, ndipo zitatero dera lathu linalowa m'kaundula wa msonkho wa nyumba. Msonkhowo unkafuna ndalama, pamene chuma cha Mngoni chinali ng'ombe ndi nkhokwe. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linaukweza kufika masheleni 6, koma munthu akagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Cholinga chinali chosabisika: kukankhira amuna kuminda ya azungu ya kummwera. Kumeneko malipiro anali ochepa, ndipo thangata anali atanunkha kale, mpaka kudzafika pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Mwamuna wa ku Ntcheu akayerekeza malipiro a kumindako ndi a ku Halale kapena ku Joni, ankamanga kamtolo n'kuloza kummwera kwenikweni.

Bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito linali Witwatersrand Native Labour Association, dzina limene pakamwa pathu linasanduka Wenela. Mpaka lero depoti ya mabasi ku Blantyre ikudziwika ndi dzinali, ngakhale ambiri okwera basi pamenepo sadziwa gwero lake. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ngati kuno, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimo. Taganizirani, eni dziko okha kuvomereza kuti imfa zanyanya. Koma anthu sanasiye kupita. Ankayenda paokha, wapansi, njira imene ankaitcha selufu. Pofika 1935, komiti ya boma yotsogozedwa ndi Travers Lacey inayerekeza kuti anthu a ku Nyasaland okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Amene sanabwerenso ndiwo machona. M'zaka za m'ma 1930 chiletso chija chinachotsedwa, Wenela n'kubwerera poyera. Chimene chimandiseketsa, kuseka kowawa, ndi mayina amene olemba ntchito a ku Halale ankadziwika nawo: wina Mthandizi, ndipo magalimoto onyamula anthu ankatchedwa Ulere. Ukamva mayinawo ungaganize kuti ndi mabungwe achifundo.

Nanga kumigodiko kunali chiyani? Munthu ankayezedwa m'thupi ngati mmene ogula amayezera ng'ombe, n'kudinda chala pa mgwirizano umene ambiri sankatha kuuwerenga, wotha kufika zaka ziwiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ankakwera ndege ya Wenela mpaka ku Francistown, kenako sitima. Asanalowe pansi ankamuyesa m'chipinda chotentha kuti aone ngati apirire kutentha kwa mumgodi. Ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, nthawi zambiri pa mabedi a simenti osanjikizana, ndipo mkazi ndi ana sankaloledwa kukhala naye. Chakudya, malo ogona, chipatala ndi apolisi a pakomboni, zonse zinali za kampani. Mfundo imeneyi ndi imene ndimafuna anzanga aimvetse. Bwana amene wakupatsa pogona wakugwira pawiri. Ukakangana naye masana, usiku ulibe pogona, ndipo kwanu ndi mtunda wa makilomita oposa chikwi. Kusiya ntchito mgwirizano usanathe unali mlandu pamalamulo a nthawiyo. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti ukalandire utabwerera kumudzi, njira imene inkasangalatsa boma la kuno chifukwa inkabweretsa ndalama zakunja, ndipo inkasangalatsanso kampani chifukwa munthu sathawa kusiya ndalama zake m'mbuyo.

Sindikukana kuti Joni anabweretsa zinthu. Ife amene tinakulira kwa Champiti tinaona nyumba zamalata zimene akulu amati zinamangidwa ndi ndalama za ku migodi. Kunabwera njinga, makina osokera, mawailesi, mabulangete olemera ndi masutikesi achitsulo, ndipo ana ena anaphunzira ndi ndalama zomwezo. Mnyamata wobwera kumene ankayenda monyada pabwalo, Chifanakalo chili pakamwa. Koma ndalamazo zinkatha msanga, msonkho sunkadikira, ntchito kuno kunalibe, ndipo njira yotseguka inali yomwe ija. Kubwerera kunkaonetsa kusowa kwa pogwira kunoko. Za kukoma kwa ntchitoyo sikunkanena kanthu.

Umboni wamphamvu uli m'malipiro enieniwo. Katswiri wa zachuma wa ku South Africa, Francis Wilson, anasindikiza kafukufuku wake mu 1972 woonetsa kuti malipiro a anthu akuda m'migodi ya golide mu 1969, ukawayeza ndi zimene angagule, sanali apamwamba kuposa a mu 1911. Zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi malipiro ali pamodzimodzi, anthu akubwerabe chaka ndi chaka. Eni migodi anagwirizana kuti asamapikisane pa malipiro, ndipo anthu a m'dziko mwawo akayamba kuikana ntchitoyo, ankangotambasula ukonde kufika ku Mozambique, Lesotho ndi kuno. Ogwira ntchito atayesa kulankhula mu Ogasiti 1946, pamene anthu pafupifupi 70,000 ananyanyala kufuna masheleni 10 patsiku, anayankhidwa ndi mfuti ndi zibonga za apolisi. Chete amene anatsatira sitingamutche kukhutira.

Zinthu zinagwedezeka pa 4 Epulo 1974. Ndege ya Wenela yonyamula Amalawi obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu 78 anafa, ochuluka mwa iwo Amalawi. Kamuzu Banda analamula kuti kulemba anthu kuime. Nthawi imeneyo m'migodi ya South Africa munali Amalawi oposa 100,000, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi onse anabwerera. Akatswiri a mbiri ena amati chisoni sichinali chifukwa chokhacho, poti minda ya fodya imene inkakula mofulumira m'chigawo chapakati, ina ya akuluakulu a boma omwe, inkafuna manja otsika mtengo. Chimene chili choonekeratu n'chakuti eni migodi anadzidzimuka. Mtengo wa golide unali utayamba kale kukwera ndipo malipiro anali atayamba kusuntha, koma kuchoka kwa Amalawi, pamodzi ndi ufulu wa Mozambique mu 1975, kunawakakamiza kukweza malipiro mofulumira kuti akope anthu a m'dziko mwawo. Ndalama zimene kwa zaka zambiri zinkanenedwa kuti palibe zinapezeka anthu atachoka.

Mu 1977 kulemba kunayambiranso, koma kwa anthu ochepa, ndipo bungwe lija linali litasintha dzina kukhala TEBA, imene kumudzi timati Theba. Zinathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. South Africa inkafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe, boma la Malawi linakana, ndipo anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa m'zaka zotsatira. Wiseman Chijere Chirwa wa ku Chancellor College analemba bwino za nyengo imeneyi, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife timamaliza digiri osamuwerenga. Ngongole ya ntchito ija sinathe. Fumbi la mumgodi limadya mapapo pang'onopang'ono, ndipo munthu amadwala ali kale kumudzi, kutali ndi mabuku a kampani. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wolipira odwala silikosisi ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, kwa amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Koma kuti ulandire pamafunika umboni woti unagwiradi ntchito kumeneko ndi woti matendawo unawapezadi. Nkhalamba ya kwa Champiti imene mapepala ake anadyedwa ndi chiswe zaka makumi atatu zapitazo, kapena mayi wamasiye amene sadziwa n'komwe dzina la mgodi, ayambira pati?

Mwina wina anena kuti izi ndi za tsankho la kale, sizikhudza kampani zamakono. Ndiye tiyeni tidumphe nyanja, tipite kumalo kumene palibe angaganize za migodi. Ku America kuli kampani ya Vail Resorts, mwini wa malo ambiri m'mapiri kumene anthu opeza bwino amapita nyengo yozizira kukasewera motsetsereka pa chipale chofewa. Ntchito zambiri kumeneko ndi za nyengo imodzi, ndipo lendi m'matauni a m'mapiriwo ndi yokwera moti antchito ena amadalira nyumba za kampani. Pa 27 Disembala 2024, antchito pafupifupi 200 a ku Park City, m'chigawo cha Utah, amene amapulumutsa ovulala ndi kuonetsetsa kuti phiri ndi lotetezeka, ananyanyala. Ankafuna kuti malipiro oyambira achoke pa madola 21 kufika 23 pa ola. Ambiri mwa iwo amalikonda phirilo ndipo amabwerera chaka chilichonse, ndipo zokambirana zinatenga miyezi osaphula kanthu. Atangoima m'nyengo ya tchuthi, mbali yaikulu ya phiri n'kutsekedwa, alendo n'kuima pamizere italiitali, madola awiriwo anapezeka pasanathe milungu iwiri. Sindikuyerekeza mavuto awo ndi a agogo athu, kungakhale kunyoza akufa. Chofanana ndi kawerengedwe ka bwana, amene amaona nkhope zomwezo zikubwera n'kuganiza kuti mtengo wake ndi wokwanira.

Kuno kwathu ufulu woima ndi kunena kuti ayi tinaupeza movutikira. Mu Meyi 1992 antchito a David Whitehead and Sons ku Blantyre ananyanyala, moto n'kufalikira m'makampani ena, ndipo anthu ambiri anaphedwa ndi apolisi m'misewu. Malamulo a ubale wa pantchito a 1996 ndi a ntchito a 2000 anabadwa pambuyo pa magazi amenewo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la matenanti m'minda ya fodya, chinthu choyamikirika, koma chaka chomwecho inasinthanso lamulo kuti wonyanyala azilipidwa masiku atatu okha pachaka. Kwa munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, tsiku lachinayi ndi lalitali kwambiri.

Ndipo ndege zayambanso kunyamuka. Mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Pa Facebook mfundo imene ndinkaiona kwambiri inali yakuti ntchitoyo ndi yabwino, umboni wake ndi kuchuluka kwa ofuna kupita. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuchokera ku Israel. Mlandu wawo unali wakuti anachoka m'minda imene anawalembera n'kukagwira ntchito pamalo ophikira buledi.