Mbiri ya Maselo a Glia, Antchito Amene Ubongo Sungakhale Popanda Iwo

Mbiri ya maselo a glia imayambira ku Germany, kwa dokotala wopima mitembo dzina lake Rudolf Virchow. Poyang'ana ubongo pa maikulosikopu, Virchow anaona kuti pakati pa manyuroni, omwe ndi maselo otumizirana mauthenga, pali chinthu china chodzaza mipata. Mu 1856 anachitcha neuroglia, poganiza kuti ntchito yake ndi kungogwira manyuroni kuti asamwazike, monga momwe matope amagwirira njerwa. Maganizo amenewa anakhazikika m'mitu ya madokotala kwa zaka zambirimbiri.

Mmodzi mwa amene anayamba kuona maselowa bwinobwino anali Camillo Golgi wa ku Italy. Mu 1873 anatulukira njira yodetsa maselo ndi mankhwala a siliva kuti aoneke athunthu, nthambi zawo zomwe. Iye anaona maselo ena atatambasula timiyendo tawo n'kugwira mitsempha ya magazi, ndipo anati mwina ndiwo amatunga chakudya m'magazi n'kupatsira manyuroni. Maselo amenewa lero timawatcha ma astrocyte.

Ku Madrid, Santiago Ramón y Cajal, yemwe anagawana mphoto ya Nobel ndi Golgi mu 1906, ankaonanso timaselo tina timene mankhwala ake ankalephera kutionetsa bwino. Pío del Río Hortega, yemwe ankagwira ntchito mu labotale yomweyo, ndiye anatizindikira. Mu 1919 anafotokoza za microglia, ndipo mu 1921 za ma oligodendrocyte. Iye ndi Cajal anasemphana maganizo mpaka Hortega anachoka pamalopo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Spain anathawa kwawo, ndipo anamwalirira ku Buenos Aires mu 1945.

Kenaka inafika nyengo yoyeza magetsi a m'thupi. Asayansi akalowetsa kawaya mu nyuroni ankaona ikuthetheka, koma akalowetsa mu selo la glia ankangopeza kuti zii. Motero ambiri anasiya kuwalabadira. Vuto linali la zida zoyezera, chifukwa maselowa amalankhula kudzera m'makemikolo. Mu 1966 Stephen Kuffler ndi anzake ku Harvard anaonetsa kuti nyuroni ikatumiza uthenga imatulutsa potaziyamu, ndipo glia woyandikana nayo amamva kusinthako. Mu 1990 ofufuza a ku Yale anathira glutamate, kemikolo imene manyuroni amatulutsa popatsirana uthenga, pa ma astrocyte okulira m'mbale ya mu labotale, ndipo anaona kashiamu akukwera m'selo limodzi, kenaka loyandikana nalo, mpaka uthenga unafalikira mbale yonse.

Lero tikudziwa zimene zimachitika pa kampata kamene nyuroni imapatsirana uthenga ndi inzake. Nyuroni yoyamba imatulutsa glutamate, yachiwiri n'kulandira. Astrocyte yomwe yakuta kampatako imamwa mwamsanga glutamate wotsala, n'kumusandutsa glutamine, n'kumubwezera ku nyuroni kuti adzagwirenso ntchito. Glutamate akachuluka pamalopo amapha manyuroni.

Ma oligodendrocyte nawo amakulunga nthambi zazitali za manyuroni ndi chikuto chamafuta chotchedwa myelin, n'kusiya timipata apo ndi apo. Uthenga umalumpha kuchoka pa kampata kupita pa kena, ndipo ungathamange mamita oposa 100 pa sekondi, pamene mu mtsempha wopanda chikutocho umayenda pafupifupi mita imodzi yokha. M'manja ndi m'miyendo ntchitoyi imagwiridwa ndi maselo a Schwann. Kachilombo ka khate kamakonda kukhala m'maselo amenewa, n'chifukwa chake wodwala khate amachita dzanzi mpaka kupsa ndi moto osamva kupweteka.

Microglia ndi alonda. Mu 2005 ofufuza anawaona mu ubongo wa mbewa zamoyo akutambasula ndi kubweza nthambi zawo mosalekeza, kufufuza povulala. Mu 2012 gulu la Beth Stevens ku Boston linaonetsa kuti mu ana a mbewa, microglia amadya malumikizano ofooka a manyuroni kuti olimba atsale. Kachilombo ka HIV kakalowa mu ubongo kamabisala m'maselo omwewa.

Mabuku akale ankati glia ndi ochuluka kakhumi kuposa manyuroni. Mu 2009 Suzana Herculano-Houzel ndi anzake ku Brazil anawerenga mwatsopano, ndipo anapeza manyuroni pafupifupi 86 biliyoni, maselo enawo n'kukhala ochuluka mofanana.

Panatenga zaka zoposa 100 kuti sayansi ivomereze kuti theka limeneli la maselo a ubongo lili ndi ntchito yakeyake. Aliyense wofuna kumvetsa khunyu, sitiroko, zotupa za mu ubongo kapena matenda oiwala a ukalamba ayenera kuphunzira glia ndi khama lofanana ndi limene amaphunzirira manyuroni.