Anyamata awiri a ku Chotanagpur ndi sukulu yogonera konko

Ndinalowa sukulu ya mishoni yogonera konko ndili ndi zaka 13, nditanyamula sutikesi yachitsulo ndi botolo la chiponde. Belu linkatidzutsa kusanache, ndipo ukagwidwa ukulankhula Chichewa unkapatsidwa chikwanje ukatchetche udzu. Mwina n'chifukwa chake mbiri ya ana a Adivasi a ku India yandikhala pamtima sabata yonseyi.

Adivasi ndi dzina la mitundu ya anthu amene amaonedwa ngati eni nthaka oyambirira a dzikolo, monga a Munda, a Oraon ndi a Santal. Ambiri amakhala ku Chotanagpur, dera la mapiri ndi nkhalango chakum'mawa kwa India. Mu 1845 amishonale anayi a ku Germany, a bungwe la Gossner, anafika ku Ranchi m'deralo n'kuyamba kutsegula masukulu. Midzi inali patalipatali, choncho mwana wofuna kupitiriza maphunziro ankasiya makolo n'kukagona pa mishoni. Kumeneko ankaphunzira kuwerenga, masamu ndi Baibulo, ndipo akabatizidwa ankalandira dzina latsopano.

Nanga kholo linkalola bwanji? Anzanga, nkhani inali ya malo. Alendo olemera, omwe a Munda ankawatcha diku, ankalanda minda pogwiritsa ntchito zikalata ndi makhoti a boma la atsamunda la Britain, n'kumagwiritsa anthu ntchito yaulere yofanana ndi thangata wa kwathu kuno. Mwana wodziwa kuwerenga chikalata anali chishango cha banja lonse. Wansembe wa ku Belgium, Constant Lievens, atafika mu 1885 anakopa anthu miyandamiyanda powathandiza pa milandu ya minda yomweyi.

Birsa Munda, wobadwa mu 1875, anali mmodzi mwa ana amenewa. Anabatizidwa n'kutchedwa David, ndipo kuyambira 1886 ankaphunzira pa sukulu ya amishonale a ku Germany ku Chaibasa. Koma atsogoleri a mtundu wake atalimbikira zofuna minda yawo, anasemphana maganizo ndi amishonalewo. Mnyamatayo anasankha mbali ya kwawo, ndipo mu 1890 anachoka pa sukulupo. Mu 1899 anatsogolera kuukira kotchedwa Ulgulan. Anagwidwa, n'kufera m'ndende ku Ranchi pa 9 June 1900 asanakwanitse zaka 25. Patadutsa zaka zisanu ndi zitatu, mu 1908, boma linakhazikitsa lamulo loteteza minda ya Adivasi kuti isamapite chisawawa m'manja mwa alendo.

Mnyamata wachiwiri ndi Jaipal Singh Munda, wobadwa mu 1903. Iyeyu sanathawe sukulu ayi. Anaphunzira pa St Paul's, sukulu ya Anglican ku Ranchi, ndipo amishonale anamuthandiza mpaka kukafika ku Oxford. Mu 1928 anasankhidwa kukhala kaputeni wa timu ya hockey ya India pa Olympics ku Amsterdam, komwe timuyo inapata golide. Ukanaganiza kuti watayika basi, wasanduka mzungu wakuda. Koma anabwerera kwawo, natsogolera bungwe la Adivasi Mahasabha, ndipo anayankhulira anthu ake m'nyumba yomwe inalemba malamulo oyendetsera dziko la India. Boma la Jharkhand lomwe ankalimenyera linabadwa iye atamwalira kale, pa 15 November 2000, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Birsa.

Poyamba ndinkafuna kudziwa wolondola pa awiriwa, wochokayo kapena wotsalayo. Pano ndasiya. Sukulu ija inkachotsa mwana pa mwendo wa mayi ake, inkamusintha dzina, komanso inkamupatsa zilembo zowerengera chikalata cha wolanda munda. Onse awiri anatenga zomwe anaphunzira n'kukazigwiritsa ntchito pa nkhondo ya minda ya kwawo.

Ine ndinabwerako ndi Chingerezi chabwino ndithu, ndipo ndi chomwe chandiwerengera mbiri yonseyi. Koma agogo akandifunsa malire a munda wathu, ndimangoyang'ana pansi. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi, akandiyendetse m'malire monse ndili ndi kope m'manja.