Mbiri ya Mathiripisi Inasungidwa mu Utomoni

Mlimi wa anyezi ku Dedza amawadziwa mathiripisi chifukwa cha zochita zawo. Dzuwa likawomba, masamba amatuwa ngati awazidwa phulusa, ndipo ukakanula pakhosi pa anyezi umaona tizilombo tachikasu, ta milimita imodzi kapena ziwiri, tikuthawira m'kati. Pa nyemba timabisala m'maluwa mpaka maluwawo kuyoyoka.

Koma tizilomboti tinayamba kale kwambiri, ndipo chimene chinasunga mbiri yake ndi utomoni. Amene anadutsako m'mapaini a ku Chongoni kapena a m'phiri la Dedza anauona ukuchucha pamene mtengo watemedwa, nyerere itakanirira pomwepo. Utomoni ukakwiririka kwa zaka mamiliyoni umauma gwa, n'kusanduka amber, mwala woonekera m'kati, kachilombo kali momwemo ndi miyendo yake yonse.

M'zaka za m'ma 1920, Hermann Priesner wa ku Austria anafotokoza mathiripisi a mu amber wa ku nyanja ya Baltic. Mu 1973 Richard zur Strassen wa ku Frankfurt anapita kutali kuposa apo ndi amber wa ku Lebanon, wa zaka zoposa 120 miliyoni. Imeneyo ndi nyengo ya Cretaceous, yomwenso kunali Malawisaurus, chilombo chija mafupa ake anafukulidwa ku Karonga.

Ntchito yofufuza tizilombo ta mu amber ndi yofuna mtima wautali. Katswiri amacheka kamwalako, n'kukapala mpaka kapyapyale, kenako amakaika pa maikulosikopu. Amawerenga mfundo za tinyanga, amayang'ana mitsempha ya m'mapiko ndi tiubweya ta m'mphepete mwake, komanso kachiwalo konga sowo kamene kakakazi kamachekera tsamba poikira mazira. Kathovu kamodzi ka mpweya kakatchinga kanyanga, mtundu wake sudziwika.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mu 2012. Enrique Peñalver ndi anzake anapeza mathiripisi aakazi angapo mu amber wa ku Álava, kumpoto kwa Spain, wa zaka pafupifupi 105 miliyoni. Ataunika kathiripisi kamodzi ndi makina amphamvu a X-ray ku Grenoble, zinaoneka bwino kuti thupi lake linali lodzaza mungu, utakodwa m'tiubweya topangidwa ngati tosenzera mungu womwewo. Anawatcha Gymnopollisthrips. Mungu wake unali wa mitengo yosachita maluwa, ya gulu la ginkgo kapena cycad. Ndiye kuti achibale a kachilombo kamene timakathira mankhwala lero ankabereketsa kale zomera m'nthawi imeneyo, ndipo ndikuona kuti alangizi akamaphunzitsa za kupopera azitchulako zimenezi.

Africa inalowa m'nkhaniyi mu 2010, pamene Alexander Schmidt ndi gulu lake analengeza za amber wa ku Ethiopia, momwe munalinso kathiripisi. Poyamba anati ndi wa zaka 95 miliyoni. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti ndi wa nyengo ya Miocene, yaposachedwapa kwambiri, ndipo tizilombo tonse ta m'menemo tinayenera kuganiziridwanso mwatsopano.