Sopore asanakhale tauni ya maapozi

Inu adzukulu mwabadwa malole atandanda kale pamsika wa zipatso, ndiye mumayesa kuti Sopore anayamba ndi maapozi. Ayi ndithu. Kuno kunayamba ndi njala, ndipo njalayo inkabwera ndi madzi.

M'masiku a mfumu Avantivarman, amene analamulira Kashmir kuyambira 855 mpaka 883, mtsinje wa Jhelum, umene makolo ankautcha Vitasta, unkasefukira kawirikawiri. Kumunsi kwa Baramulla, kumene mtsinjewu umapanikizika pakati pa mapiri, miyala inagumukira m'madzi n'kutseka njira. Madzi posowa kolowera ankabwerera m'minda ya mpunga. Muyeso umodzi wa mpunga, wotchedwa khari, unakwera mpaka madinari 1,050.

Ndiye kunali munthu wina dzina lake Suyya. Kalhana, amene analemba mbiri ya mafumu yotchedwa Rajatarangini cha m'ma 1148, akuti munthuyu anatoledwa ali khanda mumphika wadothi, ndipo anamutola ndi mayi wosesa mumsewu. Atakula ankauza aliyense kuti mankhwala a chigumulacho akuwadziwa, kungoti alibe chogwirira ntchito. Anthu ankati mutu wake sukuyenda bwino. Mfumu itamva inamuitana, n'kumupatsa ndalama zochokera mosungira chuma chake. Suyya anakwera bwato, n'kuyamba kumwaza ndalamazo m'madzi, pamiyala ija. Nduna zinangogwira pakamwa. Koma anthu anjala atamva zoti mumtsinje muli ndalama, anakhamukira komweko, n'kumagubuduza miyala pofunafuna madinari. Mmene ankavuuka, madzi anali atapeza podutsa. Kenako Suyya anatchinga mtsinjewo masiku 7, nauyeretsa pansi, namanga zipupa zamiyala m'mbali mwake. Minda inaphwa, mpunga unatsika kufika madinari 36. Pamene Jhelum amatulukira m'nyanja ya Wular anamangapo mudzi wa Suyyapura, ndiwo uno tikukhalawu. Akuti analetsanso kupha nsomba ndi mbalame panyanjapo. Asodzi athu a lero atamva lamulo lotero angaseke mpaka kugwa m'bwato.

Patapita zaka mazana kunabwera Sultan Zain-ul-Abidin, amene timamutcha Budshah, wolamulira kuyambira 1420 mpaka 1470. Ndiye anamanga chilumba cha Zaina Lank pakati pa Wular ndi kukumbitsa ngalande yothirira minda ya ku Zainagir.

Nthawi zonsezo msewu wathu unali mtsinje. Mabwato ankanyamula mpunga, nsomba ndi mtedza wa m'madzi wa ku Wular. Mitengo yodulidwa kumapiri inkayandama mumtsinje wa Pohru mpaka ku Doabgah, pamene Pohru amathira mu Jhelum. N'chifukwa chake midzi yakale yonse inaunjikana kugombe: Jamia Qadeem, Khanqah, Hathishah, Chankhan, tinjira take tothithikana, nyumba zanjerwa ndi matabwa zotsamirana. Kralteng n'kwa oumba mbiya, Teliyan kwa oyenga mafuta. Ku Batpora kunkakhala anansi athu achihindu, a Pandit. Ambiri anachoka mu 1990 nkhondo itavuta, ndipo inu simunawadziwe.

Maapozi analipo kale, makamaka mtundu wa Ambri, wafungo lokoma, wosungika mpaka chisanu chithe. Koma chipatso chopanda njira yokafikira kumsika n'chongodya ana. Malonda enieni anayamba msewu wa ngolo wotsata Jhelum utatha kumangidwa cha m'ma 1890, mabokosi n'kumapita ku Rawalpindi. Mu 1947 India ndi Pakistan atagawana, msewu uja unatsekeka, amalonda n'kutsala manja ali m'khosi. Anapuma pamene ngalande ya pansi pa phiri ya Jawahar inatsegulidwa ku Banihal mu 1956, malole n'kuyamba kuloza ku Delhi.

Apa ndiye zinthu zinathamanga. Alimi anadzala mitengo m'minda imene inali ya mpunga. Mtundu wofiira wa Delicious, wobereka msanga ndi wokopa maso a ogula, anakankhira Ambri pambali. Ine mpaka lero ndimati tinasinthanitsa kukoma ndi maonekedwe, koma ngongole sibwezedwa ndi fungo. Ndalama zinalowa moti anthu anayamba kutcha tauni ino Chhota London, London wamng'ono. Opeza bwino anachoka kugombe kukamanga ku New Colony, Model Town ndi Noor Bagh, ndipo malonda anakokera ku Iqbal Market. M'ma 1970 kunagwa matenda a madontho akuda pazipatso, ndipo chiyambire pamenepo mlimi sapuma kupopera mankhwala.

Za pa 6 Januwale 1993 sindikonda kuzitalikitsa. Asilikali anaombera anthu, ambirimbiri anafa, masitolo ndi nyumba mazanamazana zinapsa pakati pa tauni.

Msika waukulu umene mumauona ku Mazbugh anthu amati mu Asia monse umaposedwa ndi wa Azadpur wokha, ku Delhi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala simungapeze poponda. Koma musanyengedwe ndi phokosolo. Alimi ambiri amakhala atatenga kale ndalama kwa amkhalapakati mitengo isanachite maluwa, zogulira mankhwala ndi mabokosi, ndiye pokolola sakhala ndi mawu pa mtengo. Kuonjezera apo pali maapozi otchipa a ku Iran, ndi msewu wa ku Jammu umene umatsekeka phiri likagumuka, malole n'kuima masiku zipatso zikuola. Njanji yolumikiza Kashmir ndi India yense inatha kumangidwa mu 2025, ndipo anyamata akudzala timitengo tatifupi ta ku Italy, tomangirira pamawaya, tobereka patangotha zaka ziwiri kapena zitatu. Amandiuza kuti ndizule yanga yakaleyo. Ndawauza kuti adzazule ndikapita.