Kuchokera pa "O.M.G." kufika pa "zkm": mbiri ya mawu ofupikitsa

M'makope a ana a makalasi apamwamba mwayamba kupezeka "vc" m'malo mwa você, "pq" m'malo mwa porque, ndi "zkm" m'malo mwa zikomo. Aphunzitsi ambiri akaona zimenezi amati ndi ulesi. Komatu kalembedweka kali ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino kuidziwa tisanatenge cholembera chofiira.

Kufupikitsa mawu kunalipo foni za m'manja zisanabwere. Mu 1917, mkulu wa asilikali a pamadzi ku Britain, John Fisher, analemba "O.M.G." m'kalata yopita kwa Winston Churchill. Makompyuta atayamba kulumikizana, anthu anakumana ndi vuto lina: wowerenga saona nkhope ya wolemba, choncho nthabwala imamveka ngati chipongwe. N'chifukwa chake pa 19 Seputembala 1982, Scott Fahlman wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anapempha anzake kuti aziika chizindikiro cha :-) pa uthenga wongocheza. LOL, kutanthauza kuseka mokweza, anatulukanso m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2011 analowa m'dikishonale ya Oxford.

Chimene chinafalitsa kwambiri kalembedweka ndi SMS. Uthenga woyamba unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992. Uthenga umodzi sunkapitirira zilembo 160, ndipo uliwonse unali wolipira, kotero kuchotsa zilembo kunali kupulumutsa ndalama. Kuno ku Mozambique mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, chaka chimenenso maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. WhatsApp itabwera mu 2009 inachotsa vuto la malo ochepa, koma chizolowezi chinali chitakhazikika kale.

Mawuwa pofalikira sanangotsatira Chingelezi. Mtundu uliwonse unalemba kuseka mogwirizana ndi chilankhulo chake. Olankhula Chisipanishi amalemba "jajaja", Afalansa "mdr", ndipo ku Thailand amalemba "555" chifukwa nambala 5 amaitchula kuti "ha". "Kkkk" ndi wotchuka ku Brazil, komanso ndi amene timalemba kuno, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Kwa ife olankhula Chinyanja sanali wachilendo, pakuti munthu woseka timati akuti kikiki kapena kekeke.

Apa pali phunziro la m'kalasi. Mwana wolemba "bwnj" wachotsa mavawelo okha n'kusiya makonsonanti onse m'malo mwake, ndipo mnzake amawerenga "bwanji" mosavuta. Sangachite zimenezi ngati sadziwa mmene mawu amapangidwira. Mwana yemweyo akalemba "tb" m'malo mwa também, wagwiritsa ntchito nzeru yomweyo m'Chipwitikizi. Kuti luso lopezeka m'chilankhulo chimodzi limawolokera ku china ndiye maziko a ntchito yathu kuyambira pa PEBIMO, imene inayesa Chinyanja ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997.

Mayeso salola "vc", ndipo ana ayenera kuuzidwa zimenezi momveka. Koma m'malo mongodula mzere wofiira, lembani "zkm", "bwnj" ndi "pq" pa bolodi, ana abwezeretse zilembo zosowa, kenako mukambirane nawo kuti kalembedwe kati ndi kopita kwa mnzawo wa pa foni, ndipo kati ndi kopita kwa mkulu wa sukulu.