Ulendo wa ku Mbombwe m'dzinja: zonyamula ndi kayendedwe

Maulendo ambiri a tchuthi m'dziko muno amachitika m'dzinja. Amayamba sukulu ndi makampani zikatsekera Khirisimasi, ndipo kwa anthu a m'boma la Chiradzulu komanso okonda mbiri ya dziko lino, amafika mpaka pa 15 January, tsiku lokumbukira mbusa John Chilembwe, pamene khamu la anthu limasonkhana ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission, malo amene ambiri amangowatchula kuti PIM. Nyengo imeneyi ndi ya mvula, matope, udzudzu ndi kukwera mtengo kwa maulendo. Ndi nyengonso imene nkhokwe zambiri kumudzi zimakhala zitapepuka. Choncho chimene mlendo waika m'chikwama chake chimakhudza thanzi lake, thumba lake, ngakhalenso banja limene likukamulandira.

Chimene chili ku Mbombwe

Chilembwe adakhazikitsa mishoni ya PIM m'chaka cha 1900 atabwerako ku America, kumene adapita ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira zaubusa mumzinda wa Lynchburg, ku Virginia. Ku Mbombwe adatsegula sukulu ndipo adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Kuchokera pamalo amenewa ndi pamene anthu ake adanyamuka usiku wa pa 23 January 1915 kukathira nkhondo atsamunda, makamaka ku Magomero, ku minda ya A.L. Bruce, kumene adapha William Jervis Livingstone. Asilikali a boma adabwezera pophwasula tchalitchicho, ndipo Chilembwe adaphedwa pa 3 February chaka chomwecho akulowera kumalire a Mozambique. Mishoniyo idakhala chitsekere mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu adaitsegulanso. Tchalitchi cha New Jerusalem chimene alendo amachiona lero chidamangidwa m'nthawi ya Malekebu.

Mlendo ayenera kudziwa kuti PIM ndi malo opempherera, ndipo mwambo wa pa 15 January umakhala wa mapemphero. Izi zili ndi gawo pa zovala zoti anyamule. Amayi amafunika diresi lalitali kapena chitenje, abambo buluku lalitali ndi shati yaulemu. Kabudula ndi zovala za kunyanja zingodikira ulendo wa ku Mangochi.

Njira ndi nthawi yonyamukira

Mbombwe si kutali ndi Limbe. M'boma la Chiradzulu mumalowedwa ndi misewu ikuluikulu iwiri: wa ku Zomba, umene uli ndi mphambano ya pa Njuli yolowera kuboma, ndi wa Midima wopita ku Mulanje, umene uli ndi mphambano ya Nguludi. Wosadziwa dera afunse kondakitala asadakwere kuti minibasiyo ikamutsitsa pati ndiponso kuti kuchokera pamenepo adzapeza chiyani chomufikitsa pa PIM. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo padepoti oitanira amavomera chilichonse malinga mpando udzaze.

Ulendo wa m'dzinja ndi wonyamuka mmawa. Mvula yamabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo minibasi siinyamuka isadadzaze, kotero ola limodzi kapena kuposerapo likhoza kuthera padepoti pomwepo. Wochokera ku Lilongwe, Mzuzu kapena Karonga ndi bwino agone ku Blantyre kapena ku Limbe n'kupitiriza kukacha, kusiyana n'kukatsika pamphambano usiku ali ndi ana ndi katundu. Pa 15 January penipeni misewu imadzaza ndi galimoto za akuluakulu a boma, mipingo ndi sukulu, ndipo wofika mochedwa amapeza mipando ya m'mahema itatha.

Mtengo wa ulendo ndi wa katundu azigwirizana katunduyo asadakwezedwe. Thumba la ufa likalowa kale pansi pa mpando, mwini wake sakhalanso ndi mphamvu yokambirana mtengo. Chigawo chomaliza cha ulendo nthawi zambiri chimakhala cha kabaza wa njinga yamoto, ndipo apa mpamene pamachitika ngozi zambiri. Njinga imodzi siyenera kunyamula mayi, mwana ndi chikwama chachikulu pamsewu woterera. Kulipira njinga ziwiri n'kotchipa kuyerekeza ndi kugonekedwa m'chipatala. Wokwera apemphe chipewa chotetezera mutu, ndipo woyendetsa amene akununkha mowa amusiye apite.

Mitsinje yosefukira siyoyesera. Anthu a ku Chiradzulu sadaiwale namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene adagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira, kwa mfumu yaikulu Likoswe. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pawailesi za mvula yamphamvu kudakali masiku, ndipo chenjezo lotere likamveka, ulendo wa tchuthi ukhoza kudikira.

Chikwama ndi kalongedzedwe kake

Sutikesi ya matayala idapangidwira pabwalo la ndege. M'matope a m'dzinja imasanduka mtolo wosenza pamutu, ndipo panjinga yamoto siikhazikika. Chikwama chobereka kumsana ndicho choyenera ulendowu chifukwa chimasiya manja onse awiri omasuka, lina logwira mwana, lina ambulera. Thumba la shangani limathandiza pa katundu wa mphatso, koma zipi yake siichedwa kuphulika, choncho lizimangidwa ndi chingwe kapena mphira.

Walira mvula walira matope. Asadaike chilichonse, wolongedza ayale pulasitiki yochindikala m'kati mwa chikwama kuti zovala zonse zilowe m'menemo. Zolemera, monga nsapato ndi zofunda, zipite pansi, ndipo nsapatozo zikulungidwe pazokha. Zovala zokulunga ngati mkeka zimatenga malo ochepa ndiponso sizikwinyika kwambiri kuyerekeza ndi zopinda. Pamwamba penipeni pakhale zinthu zimene zingafunike mwadzidzidzi panjira: chovala cha mvula, chitenje, matewera a mwana ndi tochi.

Cholakwa cha apaulendo ambiri n'kunyamula zovala zochuluka koma zosayenera nyengo. Majinzi akanyowa m'dzinja amatha masiku awiri asadaume, pomwe zovala zopepuka zimauma usiku umodzi pachingwe cha pakhonde. Ulendo wa masiku anayi umakwanira ndi zosintha zitatu ndi chovala chimodzi cha kutchalitchi. Juzi imodzi isasiyidwe, poti Chiradzulu ali kumtunda ndipo mvula ikagwa usiku kumazizira. Nsapato zikhale ziwiri: zolimba zoyendera m'matope, ndi zaulemu zokavala atafika. Zovala zoyanikidwa panja, makamaka za ana, zizisitidwa chifukwa nyengoyi ntchentche zina zimaikira mazira pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu.

Pa katundu yense palibe chimene chimagwira ntchito zambiri kuposa chitenje. N'chovala, n'choberekera mwana, n'choyala pokhala pa udzu tsiku la mwambo, n'chofunda m'basi, n'chotchinga posinthira zovala, ndipo chikwama chikang'ambika chimasanduka phukusi. Ngakhale abambo sangadandaule atanyamula chimodzi.

Ndalama, ziphaso ndi foni

Zinthu izi zisalowe m'chikwama chachikulu chimene chikupita kubuti kapena pansi pa mpando. Zikhale m'kachikwama kakang'ono kosachoka pathupi, zitakulungidwa m'pulasitiki. Chiphaso cha unzika chimafunika pazipata za apolisi, kumalo ogona alendo ndi potapa ndalama zina, choncho wosiya kunyumba amadzipatsa yekha mavuto.

Airtel Money ndi TNM Mpamba zachepetsa kufunika koyenda ndi ndalama zambiri, komabe kudalira foni yokha n'kulakwitsa. Netiweki imavuta mvula ikamagwa, ndipo tsiku la khamu ma ejenti a kumudzi zimawathera ndalama zopereka dzuwa lisadafike pamutu. Woyenda atape zokwanira adakali m'tauni, aziphwanye kukhala zing'onozing'ono, monga ma K500 ndi ma K1 000, kuti asamakanganirane chenje ndi kondakitala kapena wakabaza. Ndalamazo azigawe pawiri kapena patatu, ndipo ya ulendo wobwerera aibise payokha osaikhudza. Mwezi wa January ndi wa fizi ndi feteleza, ndipo mlendo amene wadya thiransipoti yake amakakongola kwa anthu amene nawonso ali pa mavuto. Mwa njira, nkhope imene ili pa K500 ndi pa K2 000 ndi ya Chilembwe yemweyo, zimene zingathandize kholo kuyambitsa nkhani ya ulendowu kwa ana.

Foni itchajidwe usiku wonyamukira, ndipo chaja ndi power bank zisaiwalike chifukwa magetsi amathimathima m'dzinja ndipo nyumba zambiri kumudzi zilibe. Nambala ziwiri kapena zitatu za achibale zilembedwe papepala, poti foni ikabedwa kapena kunyowa ndi ochepa amene amazikumbukira pamtima. Pepala lotere liikidwenso m'thumba la mwana aliyense tsiku la mwambo, pamene ana amasochera mosavuta m'chikhamu.

Mankhwala, madzi ndi kamba

Aliyense amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, anyamule okwanira masiku a ulendo ndi ena apadera a sabata yathunthu, chifukwa mlatho ukhoza kuduka kapena maliro kugwa, ulendo n'kutalika. Kabuku ka kuchipatala kayende limodzi ndi mankhwalawo. Chiradzulu ndi boma limene bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kuperekamo ma ARV mu 2001, ndipo kuli chipatala cha boma komanso cha St Joseph ku Nguludi, koma dokotala amathandiza msanga wodwala amene wabwera ndi kabuku kosonyeza mankhwala amene akumwa.

Neti yotetezera udzudzu ndi yopepuka ndipo siitenga malo, koma ndi imene ambiri amaisiya poganiza kuti akaipeza komweko. Banja la kumudzi limene lalandira alendo asanu silingakhale ndi maneti okwanira, ndipo mwaulemu wake limachotsa ya ana ake kupatsa mlendo. Kunyamula neti yakeyake ndi chingwe chomangira n'kuteteza ana a eni nyumba.

Dzinja ndi nyengonso ya kolera. Mliri umene udayamba mu March 2022 udapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno. Madzi akumwa panjira achokere kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala a klorini, ndipo sopo akhale pafupi. Mapaketi angapo a Thanzi ndi ofunika kwa oyenda ndi ana: paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo wotsegula m'mimba amayamba kumwa ali panjira yopita kuchipatala. Kamba wabwino ndi amene sasasa msanga, monga mtedza wokazinga, mbatata kapena chinangwa chophika, zitumbuwa, buledi ndi nthochi. Mpunga wa nyama wotsekeredwa m'kontena kuyambira mbandakucha umakhala utayamba kuwonongeka pofika masana. Mango a m'mbali mwa msewu atsukidwe asadadyedwe, ndipo bowa wosadziwika asiyidwe ngakhale atatchipa chotani.

Kufika kwa eni ake

Ambiri opita ku Mbombwe amakafikira kwa achibale, ndipo apa mpamene kulongedza kumaonetsa nzeru za munthu. January ndi pakati pa miyezi ya njala: chimanga cha chaka chatha chatha kapena chili pafupi kutha, cham'munda sichidache, ndipo pamsika mtengo uli pamwamba. Eni nyumba sadzanena kuti ufa wachepa. Adzapha nkhuku, adzabwereka kwa anansi, ndipo alendo akachoka adzayamba kudya kamodzi patsiku. Choncho mphatso yoyamba ndi ufa wokwanira pakamwa ponse pamene pabwera, kenako shuga, mchere, mafuta ophikira, sopo ndi usipa kapena nyemba. Zakumwa za m'mabotolo ndi mabisiketi zimasangalatsa ana tsiku limodzi, koma sizilowa m'malo mwa zimenezi.

Eni ake auzidwe tsiku lofika, chiwerengero cha alendo ndi tsiku lobwerera. Mlendo ndi mame, ndipo nyengo ino anthu amalawirira kumunda kukapalira, kubandira ndi kuthira feteleza. Ntchito imeneyi siidikira kuti tchuthi cha wa m'tauni chithe. Wofuna kujambula zithunzi pamishoni, pamanda kapena za anthu apemphe kaye kwa oyang'anira malowo.

Kunyumba kumene akuchokako, woyenda atseke madzi, azule mapulagi ndipo auze mnansi wodalirika. Zithunzi za ulendo zikhoza kuikidwa pa Facebook atabwerako, osati kulengeza kwa aliyense kuti nyumba ili yokha.

Ochokera ku South Africa, amene amadzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kulowera pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, aonetsetse kuti mapasipoti a onse, kuphatikizapo ana, sakutha ntchito ulendo uli m'kati, ndipo asunge malisiti a katundu watsopano chifukwa a MRA amawafunsa powerengera msonkho. Ana obadwira ku Johannesburg matupi awo sadazolowere malungo, kotero makolo afunse kuchipatala za mankhwala oteteza asadanyamuke. Malungo amatha kuonekera patatha sabata imodzi kapena zingapo chilumidwire ndi udzudzu. Wamkulu kapena mwana amene watentha thupi atabwerako apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo adokotala auzidwe kuti wodwalayo wangochokera ku Malawi.