Kuwongola miyendo pa Ilala

Ilala ndi sitima yoyenda pa nyanja ya Niassa, imene anzathu a ku Malawi amati nyanja ya Malawi. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kuyamba ntchito mu 1951. Kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ndi ulendo wa masiku pafupifupi atatu, ndiye munthu sangangokhala chikhalire ngati ali m'chapa yopita ku Tete.

Pamwamba penipeni pa sitimayi pali bwalo. Anthu amayendayenda pamenepo kupitidwa mphepo, ena amagula zakumwa pa bala. Ikayandikira chilumba cha Likoma, mapiri a kuno ku Mozambique amaoneka bwinobwino. Usiku ena amangoyala matiresi pomwepo.

Koma bwaloli ndi la a tikiti yodula. Kunsi n'kothinana: anthu, katundu, matumba a usipa. Kumeneko poyenda muziyang'ana poponda.